Kasamalidwe ka Kompyuta ndi Mafulashi: Zofunika kwa Amalonda a pa Mukuni Park

Msika wa Mukuni Park, womwe uli m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya pakati pa mzinda wa Livingstone, umadziwika ndi ziboliboli, madengu, mikanda ndi nsalu zomwe alendo odzaona mathithi amagula. Dzina la malowa linacokera kwa Mfumu Mukuni ya Aleya.

Masiku ano malonda otere sathera pa thebulo pokha. Wamalonda amasunga zithunzi za katundu wake, mndandanda wa mitengo, maina a ogula ndiponso mapepala otumizira katundu kunja kwa dziko. Zambiri mwa izi zimacoka pa foni kupita pa kompyuta ya m'shopu yosindikiziramo mapepala, ndipo cozinyamula cake ndi fulashi kapena memori kadi. Kacipangizo kameneka kakafa, nchito ya miyezi yambiri itha kutayika tsiku limodzi.

Mfundo yoyamba kuidziwa ndi yakuti fulashi ndi dengu lonyamulira, si nkhokwe ai. Yaciwiri ndi yakuti mavuto ambiri a fulashi ali ndi mankhwala, malinga mwini wake asafulumire kuifufuta.

Komwe kompyuta imasunga nchito

Kompyuta ya pa desiki ili ndi bokosi lalikulu, sikirini, kiyibodi ndi mausi. M'bokosimo muli malo awiri osungiramo zinthu. Oyamba ndi RAM, momwe mumakhala zomwe munthu ali kulemba panthawiyo. Magetsi akazima, zonse za m'menemo zimafufutika. Aciwiri ndi hard disk kapena SSD, momwe zinthu zimakhalabe ngakhale makina atazimitsidwa. Kalata yatsopano imafika m'malo aciwiriwa munthu akadina Save, kapena akakanikiza mabatani a Ctrl ndi S pamodzi. Wolemba kalata yaitali ayenera kucita zimenezi pafupipafupi.

Kuwonjezera pa malo awiriwa pali zosungiramo zomwe zimalumikizidwa ndi kucotsedwa, ndipo zili m'mitundu ingapo.

Mitundu yake

Kadisiki ka floppy, komwe kanali kofala m'maofesi kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kankasunga 1.44 MB cabe. Cithunzi cimodzi ca foni za masiku ano nthawi zambiri sicingakwanemo. Kampani ya Sony inasiya kupanga timadisikiti m'caka ca 2011. CD imasunga 700 MB, pomwe DVD wamba imasunga 4.7 GB. GB imodzi ndi pafupifupi 1,000 MB.

Fulashi inayamba kugulitsidwa m'caka ca 2000, ndipo zoyambirira zinali za 8 MB. Nzeru yosungira zinthu m'kacipangizo kopanda mbali yozungulira inacokera kwa Fujio Masuoka wa ku kampani ya Toshiba ku Japan, m'zaka za m'ma 1980. Memori kadi ya m'foni ndi ya m'kamera imagwira nchito ndi nzeru yomweyo.

Palinso hard disk ya kunja, yomwe imalumikizidwa ndi cingwe. Imasunga zambiri kuposa mafulashi ofala, koma mkati mwake muli mbale yomwe imazungulira maulendo pafupifupi 5,400 pa mphindi imodzi. Kamba ka ici, ikagwa kapena kugwedezedwa ili kugwira nchito, imaonongeka msanga.

Fulashi ndi hard disk ya kunja zimalowa pa kabowo ka USB. Mtundu wa USB 2.0 unatuluka m'caka ca 2000, ndipo USB 3.0, yomwe imathamanga kwambiri, inatuluka m'caka ca 2008. Nthawi zambiri kabowo ka USB 3.0 kamakhala ka buluu mkati.

Kulowetsa ndi kucotsa

Fulashi ikalowetsedwa, Windows imaipatsa cilembo, mwacitsanzo E kapena F, ndipo imaoneka pansi pa This PC, pomwe pa makompyuta akale pamalembedwa kuti My Computer. Njira yabwino ndi kukopera fayilo pa kompyuta, kugwirira nchito pamenepo, ndi kuibwezera pa fulashi nchito ikatha. Kulembera kalata pa fulashi penipeni kumaika kalatayo pangozi ngati fulashiyo itagwedezeka kapena magetsi atazima.

Pocotsa, munthu ayambe watseka mafayilo onse, kenaka adine Eject kapena Safely Remove Hardware, ndi kuyembekeza uthenga womuloleza kuzula. Cifukwa cake ndi cakuti kompyuta itha kukhala ili kulembabe ngakhale sikirini isakuonetsa kanthu. Kucokera m'caka ca 2018, Windows 10 inakonzedwa kuti izilemba pa fulashi mosacedwetsa, zomwe zinacepetsa ngoziyi. Komabe kuzula fulashi mkati mokopera kumaononga fayilo, ndipo nthawi zina kumasokoneza fulashi yonse.

Fulashi ikapanda kuoneka

Coyamba ndi kuyesa kabowo kena, maka-maka ka kumbuyo kwa bokosi, popeza timabowo ta kutsogolo ndi tomwe timafulumira kulephera. Caciwiri ndi kuzimitsa kompyuta ndi kuiyatsanso. Cacitatu ndi kuyesa fulashiyo pa kompyuta ina. Ikaoneka kumeneko, vuto lili pa kompyuta yoyamba. Ikakananso, vuto lili pa fulashi.

Nthawi zina kompyuta imalira kusonyeza kuti yalandira cipangizo, koma cilembo cake osaoneka. Apa wodziwa amatsegula Disk Management ndi kuipatsa fulashiyo cilembo cina. Ngati ndi memori kadi, kawirikawiri colakwa cimakhala kacipangizo kowerengera kadiyo, ndipo kusintha kameneko kumathetsa nkhani. Ngati ndi hard disk ya kunja, ayese cingwe cina. Koma ikamalira kuti tiki-tiki mobwerezabwereza, aizimitse pomwepo, cifukwa kuiyesa kowonjezereka kumakulitsa cilonda pa mbale ya mkati.

Kompyuta ikapempha format

Uthenga woopsa koposa ndi wakuti fulashi iyenera kucitidwa format isanagwiritsidwe nchito. Yankho loyenera ndi Cancel. Uthengawu sutanthauza kuti mafayilo atha. Nthawi zambiri comwe caonongeka ndi mndandanda womwe umauza kompyuta pomwe fayilo iliyonse ili, monga buku lothothoka tsamba la zamkati pomwe masamba ena onse alipo.

Mwini wake asalembenso kanthu pa fulashiyo, pakuti fayilo yatsopano imakhala pamwamba pa yakale ndi kuifafaniza. Mapulogalamu monga PhotoRec ndi Recuva, omwe amapezeka kwaulere, amatha kufufuza ndi kubweza zithunzi ndi makalata ambiri. Zomwe zapezekazo zisungidwe pa kompyuta kapena pa fulashi ina, osati pa yodwalayo. Format icitike pambuyo pake. Ndi bwino kudziwanso kuti format ya msanga, ya Quick Format, imasiya mwai wakuti zina zibwezedwe, pomwe format yathunthu pa Windows za masiku ano imafufutiratu zonse.

Njira yomweyi imathandiza amene wafufuta fayilo mwangozi. Fayilo yofufutidwa pa fulashi simapita mu Recycle Bin monga zimacitikira ndi ya pa kompyuta, cotero mwai wake ndi mapulogalamu obwezawa basi.

Mafayilo akasanduka mashotikati

Vuto lofala pa makompyuta omwe anthu ambiri amagwiritsa nchito ndi vayirasi yomwe imabisa mafoda ndi kuika m'malo mwake tizizindikiro tokhala ndi kamuvi pakona, tomwe timadziwika kuti mashotikati. Munthu akadina kamodzi mwa timeneti, vayirasiyo imalowa pa kompyuta ndi kuyembekeza fulashi yotsatira. Mafayilo enieni amakhala alipo, angobisidwa. Umboni wake ndi wakuti fulashi imaonetsabe kuti ndi yodzaza.

Mankhwala ake ndi kupima fulashiyo ndi antivayirasi pa kompyuta yopanda vayirasi, kufufuta mashotikati osawatsegula, ndi kuvundukula zobisidwa. Wodziwa amacita izi mu Command Prompt polemba attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo m'malo mwa E amaikamo cilembo ca fulashiyo.

Mavayirasi oyenda pa fulashi anafalikira kwambiri m'zaka za 2008 ndi 2009, pomwe ya Conficker inagwira makompyuta mamiliyoni pa dziko lonse. Kampani ya Microsoft inaletsa fulashi kudziyatsira yokha mapulogalamu mu Windows 7 m'caka ca 2009, ndipo inacita cimodzimodzi pa Windows XP ndi Vista m'caka ca 2011. Koma kompyuta yomwe simalandiranso zokonza zatsopano imakhala pambalambanda. Cithandizo ca Windows 7 cinatha mu January 2020, ndipo cithandizo ca nthawi zonse ca Windows 10 cinatha pa 14 October 2025.

Ikakana kulandira fayilo

Uthenga wa write protected utanthauza kuti cipangizoco cili kulola kuwerenga kokha. Pa memori kadi yaikulu ya m'kamera pali kabatani m'mbali kolembedwa kuti Lock, ndipo kukankhira kameneko m'mwamba kumatsegula kadiyo. Pa fulashi yakale, uthengawu umasonyeza kawirikawiri kuti yafika pa mapeto a moyo wake, pakuti fulashi ili ndi malire a maulendo omwe ingalembedwe. Mwini wake akopere zonse tsiku lomwelo ndi kugula ina.

Fulashi ithanso kukana vidiyo yaikulu ngakhale malo alipo. Izi zimacitika ngati inakonzedwa ndi dongosolo la FAT32, lomwe sililandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Dongosolo la exFAT lilibe vutoli, ndipo limawerengedwa ndi kulembedwa pa Windows ndi pa makompyuta a Apple omwe. Kusinthira ku exFAT kumafuna format, cotero mafayilo ayambe asamutsidwa.

Mafulashi acinyengo

Si kucepa kulikonse komwe ndi cinyengo. Fulashi ya 32 GB imaoneka pa Windows ngati ya pafupifupi 29 GB, ndipo ya 64 GB ngati ya pakati pa 57 ndi 59 GB. Cifukwa cacikulu ndi cakuti opanga amawerenga m'magulu a 1,000 pomwe Windows imawerenga m'magulu a 1,024.

Cinyengo ceniceni ndi fulashi yaing'ono yomwe yakonzedwa kuti izinamiza kompyuta kuti ndi yaikulu. Imalandira mafayilo mosadandaula, koma malo ake enieni akadzaza, ena mwa mafayilowo amaonongeka, ndipo mwini wake amazindikira pa tsiku lomwe afuna kuwatsegula. Mtengo wotsika mopitirira muyeso ndiwo cenjezo loyamba. Pulogalamu ya H2testw imadzaza fulashi yonse ndi kuiwerenganso, motero imaulula kukula kwake kwenikweni. Kupimaku kucitike fulashi ikadali yatsopano, ndipo risiti isungidwe. Madandaulo a ogula m'dziko la Zambia amapita ku bungwe la Competition and Consumer Protection Commission.

Magetsi, kutentha ndi fumbi

M'zaka za 2015, 2019 ndi 2024 kucepa kwa madzi pa damu la Kariba kunacititsa kuti kampani ya ZESCO izigawa magetsi mosinthanasinthana. M'caka ca 2024, pomwe cilala cinalengezedwa kukhala tsoka la dziko mu February, madera ambiri anafika pokhala maola oposa 20 patsiku opanda magetsi.

Kompyuta ya pa desiki ilibe batire, ndipo imazima nthawi yomweyo. Cipangizo ca UPS cimaipatsa mphindi zingapo, zokwanira kusunga nchito, kucotsa fulashi ndi kuzimitsa bwino. Magetsi akazima, ndi bwino kuzula pulagi ku khoma, pakuti pobwera nthawi zina amadza ndi mphamvu yoposa mavolti 230 omwe makina anapangidwira. Cimodzimodzi m'nyengo ya mvula, kuyambira November kufikira March, pomwe mphezi imatha kudutsa m'zingwe.

Kutentha kwa mwezi wa October ku Livingstone kumavutanso makina. Kompyuta yomwe imazima yokha itagwira nchito kwa kanthawi kawirikawiri imakhala yatenthedwa, kamba ka fumbi lomwe latseka mafani ndi timabowo topumira. Bokosi liikidwe pa thebulo, patali pang'ono ndi khoma, ndipo fumbi lipemereredwe makina ali ozimitsidwa. Fumbi la mitengo yosemedwa ndi loopsanso pa kamwa la fulashi, cotero ikhale yovindikira, isasiyidwe padzuwa, ndipo isapacikidwe pa mulu wa makiyi olemera ili pa kompyuta.

Kusunga m'malo atatu

Lamulo lodziwika pakati pa akatswiri ndi la 3-2-1: fayilo yofunika ikhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope imodzi ikhale ku malo ena. Kwa wamalonda wa pa msika, izi zitha kutanthauza kope imodzi pa foni kapena pa kompyuta, ina pa fulashi yosungidwa kunyumba, ndi yacitatu pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka 15 GB kwaulere, ndipo ngakhale kudzitumizira fayilo pa imelo ndi citetezo. Fulashi yomwe yagona m'kabati zaka zambiri itha kutaya zina mwa zomwe ili nazo, cotero iziyesedwa nthawi ndi nthawi.

Cotsiriza ndi cinsinsi. Makope a citupa ca NRC, pasipoti ndi mapepala a ku banki asasiyidwe pa kompyuta ya m'shopu. Afufutidwe, Recycle Bin itsanulidwe, ndipo imelo itsekedwe munthu asanacoke pa mpando. Lamulo la Data Protection Act la m'caka ca 2021 limafuna kuti osunga mbiri za anthu ena azizisamala, ndipo maina, manambala ndi maadiresi a ogula ali m'gulu lomwelo.

Fulashi yotayika igulidwanso pa shopu. Zithunzi za katundu yemwe anagulitsidwa kale ndi mndandanda wa ogula a zaka zambiri zimabwerera kwa yekhayo amene anasunga kope ina.