Ziweto ndi Thandizo la Ndalama pa Njala za 2002 ndi 2006

Pa njala ya 2002, alimi a ku Nambuma ndi madera ozungulira anagulitsa mbuzi ndi ng'ombe pa mtengo wozizira, pomwe chimanga chinkakwera mtengo sabata iliyonse. Makola atatsala opanda ziweto, manyowa anasowa ndipo minda inaguga.

Kumayambiriro kwa 2006, bungwe la Concern Worldwide linayesa njira ina m'maboma a Lilongwe, Dowa ndi Nkhotakota. Theka la thandizo linali chakudya, theka linalo ndalama zomwe zinkasintha mwezi uliwonse potengera mitengo ya pamsika. Kafukufuku anaonetsa kuti mabanja olandira sanagulitse ziweto kwambiri ngati anzawo. Choncho poyeza phindu la thandizo, ndi bwino kuwerenganso ziweto zotsala m'khola nthawi yokolola.