Za Samuel Nthara, Mphunzitsi Wolemba Mabuku

Ife a ku Lobi tidziwa kuti munthu salima munda umodzi wokha. Cimanga cikali kumtunda, mtima uli kale ku dimba la kacewere. Ndipo wina akaonjezapo kuphunzitsa a m'kalasi kapena ukulu wa mpingo, amadandaula kuti tsiku lamcepera. Cifukwa cace tifuna kukumbutsana za munthu wina wa kwathu ku Nkhoma, amene pamwamba pa akatundu otere anasenzanso nchito ya kulemba mabuku.

Samuel Josia Nthara anabadwa m'caka ca 1905, nakhala mphunzitsi wa Misyoni. Makolo athu amene anaphunzira ku Mphunzi kapena ku Mlanda anatiuza umo aphunzitsi a masiku aja analikukhalira: m'mawa coko m'manja, madzulo khasu, pa Sabata ulendo wa kukalalikira kumidzi, ndipo malipiro ao ocepa ndithu. Munthu wotere sakadatha kusiya sukulu kuti akhale pansi alembe, pakuti mabuku sanali kudyetsa banja.

Tsono bungwe lina la ku London, lochedwa International Institute of African Languages and Cultures, linaitana anthu a m'Afrika kuti apikisane polemba m'zinenero zao. Nthara anatumiza nkhani yace ya Nthondo, napambana. Bukulo linasindikizidwa mu 1933, ndipo mu 1934 Mbusa T. Cullen Young wa ku Livingstonia analitembenuza m'Cingerezi, nalicha Man of Africa. Mau oyamba analemba Julian Huxley, katswiri wa za cilengedwe. Cozizwitsa n'cakuti mphotho ija inali ya olemba mbiri ya moyo wa munthu, cinkana Nthondoyo anali wongopeka. Koma ife tiyesa kuti oweruza sananyengedwe konse. Mnyamata wosamvera uja, amene anakula nalowa ufumu, natembenuka mtima pambuyo pace, Nthara anamuumba ndi dothi la m'midzi momwe analikuyendamo pa nchito yace; ndipo ndani wa ife amene sanakomane naye Nthondo pa bwalo la kwao?

M'zaka za m'ma 1940 ndi pamene miphika inaculuka pa mafuwa. Panali Mbiri ya Acewa, imene inafuna miyendo koposa colembera, popeza za Kalonga, za Undi, ndi za Makewana wa ku Msinja zinali m'mitu ya nkhalamba, ndipo wozifuna anayenera kukakhala nazo pamphasa. Panali mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Cibanzi m'dziko la Dowa, munthu weniweni ameneyu, wosaopa kuyesa malimidwe atsopano. Panalinso nkhani yopeka ya mkazi, dzina lace Nchowa. Mu 1949 Nchowa anaturuka, ndipo caka comweco Msyamboza anaoneka m'Cingerezi, womasulira wace Cullen Young yemwe uja, dzina la bukulo Headman's Enterprise.

Tawerengani, abale: kucokera pa Nthondo kufikira pa Nchowa zinapita zaka 16. Ena angayese kuti unali ulesi. Ife tiona mwina. Nkhani yopeka ikhoza kudikira mwini wace monga mbeu m'nkhokwe, koma nkhalamba siidikira. Ikagona, zonse izidziwazo zalowa nayo m'manda. Tiganiza kuti Nthara anatsogoza cimene cikadatayika msanga, nasunga ca m'mutu mwace kufikira mpata utapezeka. Ndiponso pomvetsera akuluwo analikutola miyambi ndi mayankhulidwe amene anakometsa nkhani zace zopeka, kotero kuti nchito imodzi inalikuthirira inzace.

Sanalekere pomwepo. Mu 1964 anaturutsa mbiri ya Namon Katengeza, mmodzi wa abusa awiri oyamba a ciAfrika a ku Nkhoma, amene anadzozedwa mu 1925 pamodzi ndi Andreya Namkumba.