Shuga ndi Litsiro Lomata pa Mano

Mukayendetsa lilime pa mano m'mawa, mumamva tinthu toterera. Litsiro limeneli ndi mudzi wa tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa mabakiteriya. Kamodzi mwa ito ndi Streptococcus mutans, kamene kamaboola mano.

Tizilomboti timadya shuga wa mitundu yonse, koma shuga wa nzimbe, amene timathira mu tiyi, ndiye amatithandiza kwambiri. Timamusandutsa zinthu zomata ngati ulimbo. Ulimbowo umatimatirira pa dzino, ndipo timaswana m'kati mwake. Kucukuca madzi kokha sikungaticotse.

Tikadya shuga timatulutsa asidi. Asidiyo amakhala pansi pa ulimbo uja n'kumasungunula cikopa colimba ca dzino. Pang'onopang'ono dzino limabooka, kenako limayamba kuwawa.

Malovu amacepetsa mphamvu ya asidi, koma amafuna nthawi. Munthu woyamwa maswiti kapena kumwa zotsekemera tsiku lonse sapatsa malovu mpata wogwira nchito. N'cifukwa cake ndi bwino kudya zotsekemera pa nthawi ya cakudya basi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati ndi bwino kwambiri kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni ang'ono pafupifupi 6 a shuga pa tsiku.

Tsukani mano ndi mswaci kawiri pa tsiku, makamaka musanagone, pakuti usiku malovu amacepa. Gwiritsani nchito mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Mwana asagone akuyamwa botolo la zotsekemera.