Mustang ilibe sipeya, nanga ku Kanyama izapita bwanji?

Vidiyo ya Ford Mustang yatsopano ikafika pa foni, tonse timasanduka amakanika. Wina akuti angatenge ya manual, ya magiya 6, chifukwa dalaivala weniweni amasintha giya yekha. Wina akuti ya automatic, ya magiya 10, ndiye imanyamuka bwino. Za tayala ya sipeya palibe amafunsa, pamene ma Mustang ambili amasiku ano amachoka ku fakitale alibe sipeya. Mu buti amaikamo kapampu na botolo ya mankhwala omatila pankcha. Manje ganizilani motoka ija pa Los Angeles Road mu February, madzi a ku Kanyama abisa dzenje, tayala yang'ambika m'mbali. Botolo ija siingakufikitseni kunyumba.

Mustang inabadwa mu 1964, chaka chimodzi na Zambia. Anaipangila misewu yaitali ya ku America na petulo yotchipa, ndipo ya chiwongolelo cha kumanja ngati zathu, Ford inayamba kuipanga yokha mu 2015 chabe. Ife magiya tinawaphunzila pa njila ina. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wake ku Rhodesia, ndipo posakhalitsa mafuta amene anali kubwela kuchokela kumwela anaima. Anayamba kubwela m'madilamu kuchokela ku Dar es Salaam pa Great North Road, imene nthawi ija inali ya fumbi, mvula ikagwa matope okhaokha. Madalaivala anaitcha Hell Run. Malole, ambili a Fiat a kampani ya Zambia Tanzania Road Services, anali kukwela mapili na giya yotsika, ndipo munthu wanzelu sanali kunyamuka na sipeya imodzi chabe. Zinapepukako mu 1968 pamene paipi ya TAZAMA inafika ku Ndola.

M'zaka za m'ma 1970 tinali kumanga motoka kuno kwathu. Livingstone Motor Assemblers inali kulumikiza ma Fiat, pambuyo pake na Peugeot 504, ndipo Dunlop inali kupanga matayala ku Ndola. Motoka za ambuya athu zinali za manual, sipeya yake yofanana na matayala ena anayi. Batile ikafa, ana a mu komboni anali kukankha, dalaivala aika giya yachiwili, asiya kilachi, injini yalila. Mkuwa utatsika mtengo ndipo ndalama zakunja zitasowa, masipeya naonso anasowa, ndiye manual inaonetsa ubwino wake. Makanika wa pansi pa mtengo ku Matero kapena ku George anali kutsitsa giyabokosi, asintha kilachi, madzulo motoka yabwelela pa msewu. Chubu imodzi inali kumatidwa mpaka zigamba zichuluke kupambana chubu yeniyeniyo.

Zinthu zinatembenuka pambuyo pa 1991. Boma la ba Chiluba linatsegula malonda, mabasi a UBZ anatha pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo ma Hiace anadzaza njila za ku Chawama na Mtendere. Mafakitale a ku Livingstone na Ndola analephela kulimbana na katundu wakunja. Pang'onopang'ono kunabwela motoka zakale za ku Japan: Corolla, Spacio, Vitz, Allion, Mark X. Zambili zimatsikila pa doko la Dar es Salaam nkulowela pa Nakonde, msewu womwewo wa Hell Run, koma manje uli na tala.

Ku Japan pafupifupi aliyense amayendetsa automatic, motelo ife tinalandila zimene iwo anasiya. Sitikudandaula kwambili. Amene anaimapo pa mzele wa pa Lumumba Road nthawi ya 17 koloko adziwa kuti mwendo wa kilachi umalema. Koma automatic siilila na kukankha, ufunika kupempha batile ya mnzako na mawaya. Giyabokosi yake ikafa, makanika ambili saitsegula, amakutuma kukagula ina yathunthu yochotsedwa ku motoka inzake, ndipo ugula osadziwa kuti yatsala na masiku angati.

Motoka izi zinabwela na ka biscuit, katayala koonda kaja ka mu buti. Pa kameneka amalembapo kuti usapitilile 80 km pa ola, ndipo kamafuna mphepo yambili, pafupifupi 4.2 bar, pamene tayala wamba imayenda na mphepo yongopitilila 2 bar pang'ono. Anakapangila kuti kakufikitse kwa womata tayala amene ali pafupi. Ife timakaona pa matekisi kwa milungu, kutsogolo kwenikweni, kakulowa m'maenje a ku Kalingalinga na anthu anayi kumbuyo.

Nkhani ya manambala amene okonda Mustang amakangana, 3.55 kapena 3.73, ni yosavuta. Atanthauza kuti shafti izungulila kangati kuti tayala izungulile kamodzi. Nambala ikakula, motoka imanyamuka mwamphamvu koma imamwa mafuta ambili ikathamanga. Madalaivala a Hell Run anali kuidziwa bwino nkhani iyi, ngakhale malole ao sanali a mpikisano. Mu komboni V8 ya malita 5 ingathele ulendo wonse mu giya yoyamba na yachiwili, ndipo pansi pake pangakhudze hampu iliyonse. Misewu ya L400 kuyambila mu 2013 na ma flyover a ku Makeni na Munali zathandiza, koma Kanyama inakhala pa thanthwe pamene madzi sachoka msanga. Inasefukila koopsa mu 1978 ndipo imasefukilabe.

Ndiye chifukwa chake munthu wa kuno akalandila motoka yake pa Nakonde, asanayese wailesi amatsegula buti kuona ngati jeki na sipanala ya mawilo zilimo. Akafika mu Lusaka amayamba kufuna limu yachisanu ya saizi yonse. Wogula Mustang ali na vuto ina yapadela: ma bleki akutsogolo a mitundu ina ni aakulu kwambili, limu wamba siilowa.