Dotolo Amene Adaona Kuiŵala ndi Maso

M'midzi yambiri mumapezeka agogo amene kale ankaweruza milandu pabwalo ndi kusunga pamtima mbiri ya mtundu wonse, koma lero satha kutchula dzina la mwana wao wobala okha. Amaiŵala kuti adya kale, amafunsa funso limodzi kakhumi, ndipo akangotuluka pang'ono amasoŵa njira yobwerera kunyumba. Abale amati umenewo ndi ukalamba chabe, ena amati agogowo abwerera ku umwana. Koma madokotala amadziŵa kuti kaŵirikaŵiri imeneyi imakhala nthenda ya mu ubongo, ndipo amaitchula ndi dzina la munthu amene adayamba kuifotokoza, Alois Alzheimer wa ku Germany. Pa tsiku limene dotolo ameneyu adaulula zimene adapeza, anzake sadalabadeko konse, ndipo padapita zaka 70 dziko lisanazindikire kulemera kwa ntchito yakeyo.

Alzheimer adabadwa pa 14 Juni 1864 m'katauni ka Marktbreit, m'chigawo cha Bavaria. Adaphunzira zaudokotala ku Berlin, ku Tübingen ndi ku Würzburg, ndipo chakumapeto kwa chaka cha 1888 adayamba ntchito pa chipatala cha odwala misala mu mzinda wa Frankfurt. Masiku amenewo zipatala zambiri zotere sizinkasiyana kwenikweni ndi ndende, pakuti wodwala akavuta ankangomangidwa. Mkulu wa chipatala cha ku Frankfurt, Emil Sioli, adaukana mchitidwe umenewu. Iye ankafuna kuti odwala azisambitsidwa m'madzi ofunda kuti mtima ukhale pansi, ndiponso kuti dotolo azikhala nawo pansi ndi kucheza nawo. Kumeneko ndiko Alzheimer adazoloŵera kumvetsera wodwala modekha ndi kulemba mayankho ake monga momwe atulukira m'kamwa.

Chaka chotsatira, pa chipatalapo padafika dotolo wina wachinyamata, Franz Nissl, amene adaali atatulukira njira yonyika tizidutswa ta ubongo mu utoto kuti maselo ake azioneka bwino pa maikulosikopu, makina aja okulitsa zinthu zosaoneka ndi maso. Aŵiriŵa adakhala pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Masana ankaona odwala, usiku n'kumaŵerama pa makina aja kupenda ubongo wa odwala amene adamwalira. Chikhulupiriro chao chidali chakuti nzeru za munthu zikasokonezeka, payenera kupezeka chimene chaonongeka m'mnofu weniweniwo wa ubongo, monga momwe chifuwa chachikulu chimasiyira zipsera m'mapapu.

Pa 25 Novembala 1901, kalaliki wina wa kampani ya sitima zapamtunda adabweretsa mkazi wake ku chipatalako. Maiyo dzina lake adaali Auguste Deter, wa zaka 51. Kwa miyezi ingapo adakhala akuchita nsanje yopanda maziko pa mwamuna wake, akulephera kuphika, akubisa katundu wa m'nyumba, ndi kumakuwa kuti pali anthu ofuna kumupha. M'maŵa mwake Alzheimer adakhala naye pansi. Atamufunsa dzina, adayankha bwino kuti Auguste. Atamufunsa dzina la mwamuna wake, adabwereza lomwelo la Auguste. Pa chakudya chamasana, akudya nyama ya nkhumba ndi kolifulawa, adati akudya sipinachi. Atauzidwa kuti alembe dzina lake, adayamba bwino koma adaiŵala pakatikati, ndipo adadandaula kuti zikukhala ngati wadzitaya yekha. Chimene chidamudabwitsa dotolo ndi msinkhu wa maiyo. Kuiŵala kotere ankakuona mwa anthu a zaka 70 kapena 80, osati mwa munthu amene adaali ndi mphamvu zake.

Mu 1903 Alzheimer adakagwira ntchito ndi Emil Kraepelin, katswiri wotchuka wa matenda a maganizo, ndipo adakhazikika ku Munich kumene adapatsidwa nyumba yofufuziramo za ubongo. Mkazi wake, Cäcilie, adaali atamwalira mu 1901, kumusiyira ana atatu ndi chuma chochuluka, kotero kuti kwa zaka zingapo adagwira ntchitoyo osalandira malipiro. Ngakhale adaali kutali, sadaleke kufunsa za Auguste Deter. Maiyo adamwalira pa 8 Epulo 1906, atatha kulankhula ndi kuyenda komwe, ndipo Sioli adatumiza ubongo wake pamodzi ndi zolembedwa zonse ku Munich.

Alzheimer adaona kuti ubongowo udaali utafota. Adaucheka m'tizidutswa topyapyala koposa pepala, natinyika m'mankhwala a siliva potsata njira yatsopano ya Max Bielschowsky. Pa maikulosikopu padaoneka zinthu ziŵiri. Choyamba, pakati pa maselo padaali timibulu tambirimbiri ta chinthu chachilendo. Chachiŵiri, m'kati mwa maselo enieniwo mudaali timaulusi topiringizika ngati khonje lokolana, ndipo pena selo lidaali litatheratu, pongotsala mtolo wa timaulusito. Iye adaŵerengera kuti mwa maselo atatu kapena anai alionse a mbali yakunja ya ubongo, limodzi lidaali litagwidwa. Apa kuiŵala kwa mai uja kudaoneka ndi maso.

Pa 3 Novembala 1906 adakafotokoza zimenezi pa msonkhano wa madokotala a matenda a maganizo ku Tübingen. Atamaliza, wapampando adapempha mafunso, koma palibe ndi mmodzi yemwe adaimirira. Nthaŵi imeneyo mitima ya ambiri idaali pa maganizo atsopano a Sigmund Freud, amene ankafunafuna gwero la mavuto a munthu m'maloto ndi m'zochitika za paubwana. Mu 1907 nkhaniyo idasindikizidwa m'masamba ochepa chabe. Mnzake wa ku Italy, Gaetano Perusini, adafotokoza za odwala enanso, ndipo mu 1910 Kraepelin, polembanso buku lake lophunzitsira madokotala, adaitcha nthendayo dzina la Alzheimer.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo pali anthu aŵiri amene mbiri idachedwa kuŵakumbuka. Woyamba ndi Oskar Fischer wa ku Prague, amene mu 1907 momwemo adapenda ubongo wa okalamba 16 amene adamwalira nzeru zitasokonezeka, napeza timibulu tija mwa 12. Popeza adaali Myuda, Fischer adafera m'ndende ya chipani cha Nazi ku Theresienstadt mu 1942, ndipo dzina lake lidazimirira. Wachiŵiri ndi mwana wa mu Africa, Solomon Carter Fuller, wobadwira ku Monrovia m'dziko la Liberia mu 1872. Iye adaphunzira udokotala ku Boston, ndipo mu 1904 adakagwira ntchito m'nyumba yofufuzira ya Alzheimer ku Munich. Mu 1912 adasonkhanitsa nkhani za odwala onse amene adaali atadziŵika, namasulira m'Chingerezi zimene mphunzitsi wake adalemba, kotero kuti madokotala a ku America ndi ku Britain adatha kuziŵerenga.

Alzheimer mwini wake sadakhalitse. Mu 1912 adapatsidwa mpando wa uprofesa ku Breslau, mzinda umene lero umatchedwa Wrocław m'dziko la Poland, koma adadwala ali pa ulendo wopita kumeneko ndipo sadapezenso bwino kwenikweni. Adamwalira pa 19 Disembala 1915 ali ndi zaka 51, msinkhu womwe uja Auguste Deter adafikira ku chipatala. Anzake pomulira ankatama kwambiri kafukufuku wake wa momwe chindoko chimaonongera ubongo. Za nthenda yoiŵalitsa ankaziona ngati nkhani yaing'ono.

Chidachititsa zimenezi n'chakuti Kraepelin adaaika dzina la Alzheimer pa nthenda yogwira anthu asanakalambe okha, ndipo otere ndi oŵerengeka. Kuiŵala kwa okalamba madokotala ankakuyesa chinthu china, chobwera chifukwa cha kuuma kwa mitsempha ya magazi kapena kungotha kwa thupi. Tsono kwa zaka zoposa 50 nthendayo idangokhala m'mabuku, ndipo dotolo ankatha kupuma pa ntchito osaitchulapo.

Zinthu zidatembenuka mu 1968 ku Newcastle m'dziko la England. Akatswiri atatu, Garry Blessed, Bernard Tomlinson ndi Martin Roth, adayesa nzeru za okalamba ali moyo, ndipo atamwalira adaŵerenga timibulu ta mu ubongo wao. Adapeza kuti amene ankaiŵala kwambiri ndiwo adaali ndi timibulu tochuluka. Mu 1976 dotolo wa ku America, Robert Katzman, adalemba kuti nthenda ya Auguste Deter ndi kuiŵala kwa okalamba ambiri ndi chinthu chimodzi, ndipo kuti ikaŵerengedwa motero, ili pa nambala 4 kapena 5 mwa matenda opha anthu ambiri m'dziko lake. Mau ameneŵa adagwedeza boma ndi masukulu a zaudokotala. Ndalama za kafukufuku zidayamba kuperekedwa, ndipo mu 1980 mabanja osamala odwala adakhazikitsa bungwe la Alzheimer's Association.

Kuchokera pamenepo, kafukufuku adabwerera ku zinthu ziŵiri zija zimene Alzheimer adaona. Mu 1984 George Glenner ndi Caine Wong adapeza puloteni yotchedwa beta-amyloid, imene idadziŵika kuti ndiyo imapanga timibulu. Mu 1986 kudapezeka kuti timaulusi topiringizika timapangidwa ndi puloteni ina yotchedwa tau, imene mwa munthu wabwinobwino imachirikiza tinjira todutsa chakudya m'kati mwa selo. Mu 1991 gulu la Alison Goate ndi John Hardy ku London lidapeza cholakwika cha m'chibadwa chimene chimachititsa kuti m'mabanja ena oŵerengeka nthendayi iziyamba msanga ndi kutsata mtundu. Kumbali ya mankhwala, Peter Davies ndi mnzake Maloney adaonetsa mu 1976 kuti mu ubongo wa odwalaŵa mumaperewera acetylcholine, chimodzi mwa zimene maselo amatumizirana nazo mauthenga. Nzeru imeneyi ndiyo idabala mankhwala a donepezil, amene adaloledwa ku America mu 1996. Mu 2023 ndi 2024 kudaloledwanso mankhwala a lecanemab ndi donanemab, amene amachotsa amyloid mu ubongo. Ameneŵa amachedwetsa nthenda pang'ono chabe, ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo ena amaŵatupitsa ubongo. Ochiritsa nthendayi kotheratu sanapezeke.

Ntchito ya Alzheimer idayesedwanso patapita zaka zambiri iye ali m'manda. Mu Disembala 1995, Konrad Maurer ndi anzake adapeza m'chipinda chosungira mapepala akale ku Frankfurt zolembedwa za Auguste Deter, muli mafunso ndi mayankho a m'dzanja la Alzheimer mwini. Posakhalitsa Manuel Graeber adapezanso ku Munich timagalasi tokhala ndi tizidutswa ta ubongo wa maiyo. Atatipenda ndi makina amakono, timibulu ndi timaulusi zidapezekadi monga momwe dotolo uja adanenera mu 1906.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, lidaŵerengera kuti mu 2021 anthu 57 miliyoni adaali ndi matenda osokoneza nzeru a mtundu umenewu, ndipo kuti mwa odwala 100 alionse, 60 mpaka 70 nthenda yao ndi ya Alzheimer. Oposa 60 mwa 100 alionse amakhala m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Nchifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Malaŵi ndi maiko oyandikana naye. Munthu wodwala nthendayi amasokoneza usana ndi usiku, amatha kutuluka m'nyumba anthu ali m'tulo, mwina osavala bwino, n'kukapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni ake kapena pafupi ndi manda. Akafunsidwa amayankha zosagwirizana, ndipo akaumirizidwa amavomera chilichonse. Okalamba ena otere atchulidwa mfiti, kuthamangitsidwa pamudzi, kumenyedwa, ngakhale kuphedwa kumene, pamene mlandu wao wonse ndi maselo a mu ubongo amene akufa.

Banja limene laona zizindikiro zotere lichita bwino kupita nawo agogo ku chipatala msanga, pakuti si kuiŵala konse kumene kuli kwa Alzheimer. Chindoko, kachirombo ka HIV, kupereŵera kwa vitamini B12 ndi matenda a chithokomiro zimasokonezanso nzeru, ndipo zimenezi zili ndi mankhwala. Ngakhale itapezeka kuti ndi nthenda yosachizika ija, wodwala amakhala bwinopo akamayankhidwa mofatsa, akamadya ndi kugona pa nthaŵi yake, ndiponso anansi akauzidwa kuti akamuona akusokera amugwire dzanja kumubwezera kwao. Kwa amene sanakalambe, akatswiri osonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet adanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 mwa matenda 100 alionse otere angathe kupewedwa kapena kuchedwetsedwa. Zina mwa njira zake ndi kupimitsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, kuleka fodya, kuchepetsa moŵa, kusamala makutu ndi maso, kuteteza mutu ku ngozi, ndi kutumiza ana ku sukulu.

Chaka chilichonse pa 21 Sepitembala maiko amakumbukira nthenda ya Alzheimer, mwambo umene udayamba mu 1994. Chimene dotolo wa ku Marktbreit adasiyira anthu ndi umboni wooneka ndi maso wakuti munthu amene wayamba kuiŵala ana ake ndi wodwala, wofunika chisamaliro chonga chimene amalandira wodwala wina aliyense pamudzi.