Mbiri ya Mawaya a Magetsi M'maboti

Kwa zaka zambiri, chipangizo chilichonse cha m'boti, kaya nyali, wailesi kapena pampu yotulutsa madzi, chinkakhala ndi waya wakewake wochokera pa bolodi la maswichi ndi mafyuzi pafupi ndi woyendetsa. Boti likakhala lalikulu, mawaya ankachuluka n'kusanduka mitolo yolemera. Chinyontho cha madzi amchere chinkadya molumikizira, ndipo kulondola waya amene wafa inali ntchito yowawa.

Njira ina inachokera ku magalimoto. Mu 1986 kampani ya Bosch ya ku Germany inalengeza CAN, njira yoti zipangizo zambiri zizitumizirana mauthenga pa mawaya awiri okha. Bungwe la NMEA la ku America, lomwe kale linali ndi muyezo wa NMEA 0183, linatengera CAN popanga NMEA 2000.

Pamenepa ndi pamene panamera makina monga CZone a kampani ya BEP Marine ya ku New Zealand, ndi EmpirBus a Trigentic ya ku Sweden, imene kampani ya Garmin inagula mu 2018. M'makinawa, timabokosi toyatsa ndi kuzimitsa timaikidwa pafupi ndi zipangizo, ndipo swichi imangotumiza uthenga. Batani limodzi lingayatse nyali zonse zoyendera usiku, ndipo mawaya amafupika.

Vuto lake n'lakuti makinawa akasokonekera pakati pa nyanja, sikuluudiraiva sithandiza kwenikweni. N'chifukwa chake timabokosi tambiri timakhala ndi fyuzi imene munthu angaisunthe pamanja kuti magetsi adutse mwachindunji.