Mchere Umene Udakhazika Odwala Mtima Pansi

Pali nthenda ina ya maganizo imene imamkweza munthu pamwamba ndi kumgwetsanso pansi. Masabata ena wodwala sagona tulo, amalankhula kosalekeza, amamwaza chuma, nadziyesa wamphamvu kuposa anthu onse. Kenaka imafika miyezi ya chisoni chachikulu, pamene safuna kudya, kugwira ntchito, ngakhale kukhala ndi moyo. Madokotala amaitcha bipolar disorder, ndipo bungwe la World Health Organization lidaŵerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu 40 miliyoni anali nayo.

M'chaka cha 1854 madokotala aŵiri a ku Paris, Jean-Pierre Falret ndi Jules Baillarger, adaonetsa kuti kutakasuka kopyola muyesoko ndi chisonicho ndi nthenda imodzi. Mu 1899 Emil Kraepelin wa ku Germany adaisiyanitsa ndi misala ina. Komabe mankhwala ake panalibe, ndipo odwala ambiri ankangotsekeredwa m'zipatala.

Thandizo lidatulukira ku Australia. Dokotala John Cade, atabwera ku ukaidi wa nkhondo ku Changi m'dziko la Singapore, adayamba ntchito pa chipatala cha Bundoora, pafupi ndi Melbourne. Iye ankaganiza kuti nthendayi imadza ndi poizoni wina wa m'thupi amene amatuluka mu mkodzo. Tsono ankabaya mbira ndi mkodzo wa odwala. Pa kafukufukuyo adagwiritsako ntchito mchere wa lithium, naona kuti mbira zolandira mcherewo zinkangokhala duu. Ganizo la poizoni lija linali lolakwa, koma lidamfikitsa pa mankhwala enieni.

Atayamba waumwa yekha mcherewo, mu March 1948 Cade adaupatsa bambo wa zaka 51 amene adakhala wosokonezeka zaka zisanu. Patangopita masabata atatu bamboyo adadekha, ndipo pambuyo pake adatuluka m'chipatala nabwerera ku ntchito. Mu 1949 Cade adalemba za odwala khumi otere amene adapeza bwino.

Koma nkhani ya bambo uja idatha mwachisoni. Poona kuti wachira, adaleka kumwa mankhwala, nthenda nkubweranso. Adagonekedwanso m'chipatala, ndipo mu 1950 adamwalira chifukwa lithium idamchulukira m'thupi. Madokotala ambiri adachita mantha. Amene adapirira ndi Mogens Schou wa ku Denmark, yemwe mu 1954 adatsimikiza mphamvu ya mankhwalaŵa poyerekeza odwala oŵalandira ndi olandira mibulu yopanda kanthu. Dziko la America lidaŵavomereza mu 1970.

Kafukufuku wa masiku ano akufunafuna gwero la nthendayi m'chibadwa chimene munthu amatengera kwa makolo. Mu 2025 akatswiri adalengeza kuti atapima DNA ya odwala oposa 158,000, adapeza malo 298 okhudzana nayo. Palibe malo amodzi amene amaiyambitsa paokha. Alionse amangoonjezera chiopsezo pang'ono. Mmene lithium imagwirira ntchito mu ubongo akatswiri akali kufufuzabe.

Imfa ya wodwala woyamba uja idasiya malangizo aŵiri amene madokotala amatsata mpaka lero. Womwa lithium ayenera kupimidwa magazi kaŵirikaŵiri, pakuti muyeso wochiza ndi muyeso wopha ngoyandikana, ndiponso mankhwalaŵa angathe kuvulaza impso. Chachiŵiri, wodwala asaleke mankhwala payekha poona kuti ali bwino, chifukwa nthendayi imabwerera. Otsata malangizoŵa ambiri amalera ana ao ndi kugwira ntchito monga wina aliyense.